Makina aang'ono ojambula ubongo: musathawe nawo, koma musawadikirenso

  Ine ndine mwana wanu, activista wa zaumoyo amene mumandiona ndikuyenda m'makomo. Sukulu ndinalekeza kalasi 7, choncho ndiyankhula mmene timayankhulira pabwalo, monga mmene anamwino ndi madokotala anatifotokozera ifeyo pa maphunziro.

Lero tikambirana za makina ojambula mkati mwa mutu. Nkhaniyi ndaisankha chifukwa cha mayi wina amene ndinacheza naye pakhonde pake. Mwana wawo anadwala malungo, anakomoka, ndipo anamutumiza ku chipatala chachikulu. Atayamba kupezako bwino, adokotala anati akufuna kumujambula m'mutu. Mayiwo atamva zimenezo anabereka mwana usiku n'kubwerera kumudzi. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, munathawiranji?" Iwo anati, "Mwana wanga, ndinamva kuti makinawo amapopa magazi komanso amaotcha nzeru za mwana."

Mayiwa sindikuwaimba mlandu. Palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera. Ndiye tiyeni tifotokozerane lero, kuti tsiku lina zikakugwerani mudzadziwe chimene mukuvomera.

Chifukwa chiyani adokotala amafuna kuona ubongo?

Mimba ikatupa, namwino amatha kuigwira ndi dzanja. Mwendo ukathyoka, X-ray imaonetsa fupa. Koma ubongo uli mkati mwa chigaza, dzanja silifikako, ndipo X-ray wamba imangoonetsa fupa la mutu osati ubongo weniweniwo. Pamafunika makina ena, ndipo ena mwa iwo amatchedwa MRI.

Kuti muone kufunika kwake, tiwoloke malire tipite ku Blantyre, ku chipatala cha Queen Elizabeth, chimene ambiri timangoti ku Queens. Kumeneko dokotala wina wa ku America, mayi Terrie Taylor, ndi anzake akhala akusamalira ana odwala malungo a m'bongo kuyambira m'ma 1980. Kwa zaka zambiri ankaona ana ena akumwalira ngakhale alandira mankhwala, koma chimene chikuwapha sichinkaoneka bwino. Mu 2008 chipatalacho chinalandira makina a MRI. Anajambula ana 168 amene anakomoka ndi malungo, ndipo mu 2015 analengeza zimene anapeza. Mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anachira, otupa chonchi analipo 39 okha. Ubongo ukatupa ulibe kothawira chifukwa chigaza sichitamuka. Ndiye umafinya kachigawo ka pansi kamene kamayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Zimenezi zinadziwika chifukwa cha chithunzi.

Chithunzi cha ubongo chimathandizanso pa mwana amene mutu wake ukukula mopitirira chifukwa madzi achuluka mkati, pa munthu amene wafa ziwalo mbali imodzi mwadzidzidzi, pa munthu wovulala m'mutu, ndi pa ena amene akugwa khunyu.

Makinawa amagwira ntchito bwanji?

Mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pali yankho la mantha a mayi aja. Thupi lathu ndi madzi ambiri, ubongonso chimodzimodzi. M'madzimo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timamva mphamvu ya maginito. Mutu ukalowa m'makina, maginito amatifoletsa tinthuto kuti tiyang'ane mbali imodzi, ngati ana a sukulu pamzere. Kenako makinawo amatumiza mafunde ofanana ndi amene akubweretsa mawu anga mu wailesi yanu. Mafundewo amatisuntha pang'ono. Akasiya, tinthu tija timabwerera pamzere, ndipo pobwererapo timatulutsa kachizindikiro kofooka kwambiri. Chipewa chimene amakuvekani kumutu chili ngati eliyo ya wailesi, chimagwira kachizindikiroko n'kukapereka ku kompyuta, kompyuta n'kupanga chithunzi.

Mwamva? Palibe mpeni. Palibe chopopa magazi. Palibe moto. Mulibenso cheza cha mtundu wa X-ray. Makinawo amangomvetsera madzi a m'thupi mwanu. Munthu akatuluka, zonse zimabwerera mmene zinalili.

Makina aakulu ndi makina aang'ono

Chimanga timayeza pa kilo. Mphamvu ya maginito amaiyeza ndi muyezo wotchedwa tesla. Makina aakulu a m'zipatala za m'mizinda amakhala ndi tesla 1.5, ena tesla 3. Zithunzi zawo zimaoneka bwino kwambiri. Koma amalemera matani angapo, amafuna chipinda chawochawo chotchingidwa ndi zitsulo, amafuna magetsi ambiri osazimazima, komanso maginito ake amayenera kuzizidwa nthawi zonse ndi mpweya wodula wotchedwa helium. Mtengo wake ndi ndalama zankhaninkhani. N'chifukwa chake kumadera ngati kwathu kuno sitiwaona.

Tsopano kwabwera makina aang'ono. Ena otchuka amatchedwa Swoop, opangidwa ndi kampani ya Hyperfine ya ku America, ndipo boma la kumeneko linawavomereza mu 2020. Mphamvu yake ndi tesla 0.064 basi. Ndiye kuti makina a tesla 1.5 amawaposa mphamvu koposa ka 20. Amalemera pafupifupi makilo 630, ngati matumba a chimanga 12 kapena 13. Ali ndi mateyala, amawakankha mpaka pabedi la wodwala, ndipo amawalumikiza pa soketi ya magetsi ya pakhoma ngati mmene mumachitira ndi firiji. Safuna helium. Makina amtunduwu anafika ku Queens ku Blantyre, ndipo mu 2022 madokotala a kumeneko analemba mmene anawagwiritsira ntchito. Ku Uganda, pa yunivesite ya Mbarara, akatswiri a kumeneko pamodzi ndi anzawo a ku Leiden ku Netherlands analumikiza okha makina aang'ono a tesla 0.05 pogwiritsa ntchito timaginito tambirimbiri, cholinga chawo chikhale kuthandiza ana amene madzi achuluka m'mutu.

Nanga vuto lili pati?

Inu amene muli ndi wailesi mukulidziwa vutoli. Mukafuna kugwira siteshoni ya kutali, mawu amamveka pang'ono, koma phokoso la "shiii" limachuluka. Makina aang'ono ali chimodzimodzi. Maginito akakhala ofooka, kachizindikiro kochokera m'madzi a m'bongo kamakhalanso kofooka. Chithunzi chimatuluka ngati chathiridwa mchenga, malire a zinthu osaoneka bwino.

Njira yakale yokonzera zimenezi ndi kubwereza. Munthu akakuitanani ali tsidya la mtsinje, mukapanda kumva mumati, "Bwerezaninso!" Akabwereza kangapo mumatolera mawuwo mpaka mwamva. Makina nawonso amamvetsera kambirimbiri n'kuphatikiza. Koma masamu ake ndi owawa. Kuti chithunzi chiyere kawiri, pamafunika kubwereza kanayi. Kuti chiyere katatu, pamafunika kubwereza ka 9. Ndiye kuti chithunzi cha mphindi 5 chikhoza kufika mphindi 20 kapena 45.

Tsono ganizirani mwana wa zaka ziwiri, thupi likutentha, akulira. Angagone osagwedezeka nthawi yonseyo? Akangotembenuza mutu, chithunzi chimasokonekera, ngati mmene chimachitira pa foni munthu akasuntha mukumujambula. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ukafulumira, chithunzi sichiyera. Ukafuna choyera, umachedwa, ndipo wodwala sadikira. Akatswiri akulimbana ndi zinthu ziwirizi nthawi imodzi, ndipo ndikuuzani njira zinayi zimene akugwiritsa ntchito.

Njira yoyamba: kuyandikiza khutu

Munthu akamanong'ona, mumayandikiza khutu. Chipewa cha makina aang'ono amachipanga kuti chigwire mutu mothina bwino, kuti eliyo ikhale pafupi ndi ubongo. Mpata ukachepa, kachizindikiro kamamveka bwino popanda kuwonjezera nthawi. N'chifukwa chake amaika timapilo m'mbali mwa mutu. Sikuti akufuna kukupanani, ayi. Akufuna mutu ukhale pakati komanso usagwedezeke.

Njira yachiwiri: kuchotsa phokoso la kunja

Mukayatsa wailesi pafupi ndi jenereta kapena chigayo cha magetsi, imalira phokoso. M'chipatala muli zinthu zambiri zotere: mababu, mawaya, makina othandiza kupuma, mafoni. Makina aakulu amabisala m'chipinda chotchingidwa ndi zitsulo kuti phokosoli lisalowe. Makina aang'ono alibe chipinda chotere. M'malo mwake ali ndi timaeliyo tina timene ntchito yake ndi kumvetsera phokoso la m'chipindamo lokha. Kompyuta imatenga zimene chipewa chamva, n'kuchotsapo zimene timaeliyo tija tamva, n'kutsala uthenga wa ubongo. Zili ngati kupeta: madeya apite, mphale itsale. Mu 2021 akatswiri a ku yunivesite ya Hong Kong anaonetsa makina a tesla 0.055 amene anajambula ubongo mwa njira imeneyi popanda chipinda chotchinga.

Njira yachitatu: kutolera zochepa, kompyuta n'kumaliza

Iyi ndi imene yasintha zinthu kwambiri. Tengani chitsanzo cha kadi ya kusikelo imene yanyowa ndi mvula, zilembo zina zafufutika. Ine nditaitenga ndingavutike. Koma namwino amene waona makadi ambirimbiri amaiwerenga, chifukwa akudziwa zimene zimalembedwa pamzere uliwonse. Akatswiri anaphunzitsa kompyuta mofanana. Anaionetsa zithunzi za ubongo zambirimbiri, zoyera ndi zosayera, mpaka inadziwa kusiyanitsa ubongo ndi mchenga uja. Pa zinenero za asukulu amati AI.

Phindu lake lili pawiri. Choyamba, kompyuta imachotsa mchenga pa chithunzi, ndiye kubwereza kambirimbiri kuja kumachepa. Chachiwiri, makina sayenera kutolera uthenga wonse. Amatolera gawo lina mosankha bwino, kompyuta n'kumanga chithunzi chathunthu kuchokera pamenepo. Nthawi imafupika, chithunzi chimayera. Chosangalatsa n'chakuti zimenezi zimabwera ngati pulogalamu yatsopano ya kompyuta. Makina omwe aja, maginito omwe aja, akalandira pulogalamu yatsopano amayamba kutulutsa zithunzi zabwino kuposa za chaka chatha.

Njira yachinayi: wodwala agone phee

Njira iyi ili m'manja mwa inu amayi. Kwa makanda, anamwino amapempha kuti mwana ayamwe mpaka akhute, kenako amukulunge bwino m'nsalu kuti agone tulo. Mwana wogona sagwedezeka, ndipo nthawi zambiri sipafunika mankhwala ogonetsa. Pa makina aang'ono mayi amatha kukhala pambali, kumugwira mwendo kapena dzanja, chifukwa mutu wokha ndi umene umalowa. Makina aang'ono saphokoseranso kwambiri ngati aakulu. Komanso amajambula m'zigawo za mphindi zochepa. Mwana akagwedezeka pa chigawo chimodzi, amabwereza chomwecho osati zonse. Kujambula konse kumatenga pafupifupi theka la ola, nthawi zina kupitirira pang'ono.

Zimene makina aang'ono sangathe

Sindikufuna kukunamizani kuti makinawa amaona zonse. Amaona bwino zinthu zikuluzikulu: madzi ochuluka m'mutu, ubongo wotupa, chotupa chachikulu, magazi ochuluka amene atayikira mkati, kapena malo aakulu amene awonongeka ndi sitiroko. Tinthu ting'onoting'ono tikhoza kuwadutsa.

Chitsanzo cha kwathu kuno ndi ichi. Mukuwadziwa masese, timatuza toyera timene timapezeka mu nyama ya nkhumba. Munthu akadya nyama yotere yosapsa, njoka ya m'mimba yaitali ija imakula mwa iye, ndipo mazira ake amatuluka m'chimbudzi. Munthu wina akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, timatuza tomwe tija tikhoza kumera mu ubongo wake n'kuyambitsa khunyu. Timatuzati timakhala tating'ono, ndipo tikauma timasanduka ngati timiyala, timene makina ena otchedwa CT amationa bwino kuposa MRI. Choncho adokotala akanena kuti, "Chithunzi ichi sichinaonetse, pitani mukajambulitse pa makina ena," musaganize kuti akukuzunzani. Chida chilichonse chili ndi ntchito yake. Khasu sulidulira mtengo.

Palinso chenjezo lina pa kompyuta ija. Namwino wowerenga kadi yonyowa akhoza kuganiza kuti palembedwa zimene anazolowera, pamene palembedwa zina. Kompyuta nayonso ikhoza kusalaza malo amene pali vuto, kapena kuonetsa chinthu chimene palibe. N'chifukwa chake akatswiri amajambula anthu omwewo pa makina aang'ono ndi aakulu n'kuyerekeza zithunzizo, pulogalamu yatsopano isanaloledwe. N'chifukwa chakenso chithunzi chimawerengedwa ndi dokotala wophunzira ntchitoyo, amene amafunsanso mmene matenda anayambira ndi kumuyeza wodwalayo. Kompyuta imathandiza, koma woweruza ndi dokotala.

Mukauzidwa kuti mukajambulitse

Choyamba, funsani. Ndi ufulu wanu kudziwa chifukwa chake, nthawi imene zitenge, ndi amene adzakuuzeni zotsatira. Ngati akuyankhula Chipwitikizi kapena Chingerezi chimene simukumva, pemphani munthu womasulira.

Chachiwiri, chotsani zitsulo zonse: ndolo, mphete, zibangiri, timapini ta m'tsitsi, makiyi, ndalama zachitsulo, foni. Mwana akakhala ndi mkuzi kapena chingwe cha m'khosi chokhala ndi kachitsulo, auzeni anamwino mosachita manyazi. Maginito amakoka chitsulo, ndipo chitsulo chimawononga chithunzi.

Chachitatu, ndikulankhula ndi inu abambo ndi agogo amene munadutsa m'nkhondo. Ngati m'thupi mwanu munatsalira chipolopolo kapena kachidutswa ka bomba, nenani musanalowe. Chimodzimodzi amene munaikidwa chitsulo pa opaleshoni, amene muli ndi kachipangizo kothandiza mtima, ndi inu owotcherera zitsulo amene kachitsulo kanakulowanipo m'diso. Mayi woyembekezera nayenso anene. Adokotala ndi amene aone chochita.

Chachinayi, tengani mapepala onse a kuchipatala, ngakhale akale, ngakhale a tsidya lina la malire. Ambiri a ife timalandira chithandizo mbali zonse ziwiri, ndipo dokotala amathandizika akaona mbiri yonse.

Nthawi yofunika kwambiri ndi yanu

Takambirana za akatswiri amene akuvutika kuti achepetse mphindi 10 kapena 20 pa kujambula. Koma abale anga, mphindi zimenezo zingathandize chiyani ngati mwana wagona masiku atatu m'nyumba thupi likutentha? Chithunzi sichichiza. Chimangoonetsa. Malungo a m'bongo amachizidwa ndi jakisoni wa artesunate, ndipo adokotala sadikira chithunzi kuti ayambe kubaya. Mwana amene wayezedwa ndi kulandira Coartem tsiku loyamba la kutentha thupi, kawirikawiri safika pokomoka.

Ndiye sungani zizindikiro izi m'mutu. Mwana akamakomoka kapena kugwedezeka manja ndi miyendo, akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akafooka mpaka osadzuka mukamugwedeza, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Pitani kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena ku posto imene ili pafupi. Kwa ana aang'ono kuli mankhwala a artesunate oika kumatako amene amathandiza mwana panjira. Koma amenewo ndi oyambira chabe, ulendo wa kuchipatala upitirire ngakhale mwana aoneke ngati watsitsimuka.

Khanda limene mutu wake ukukula msanga kuposa thupi, liwombo latupa ndi kulimba, maso akuyang'ana pansi ngati dzuwa likulowa, lipite kuchipatala lisanachedwe. Si ufiti, si tchimo la mayi. Ndi madzi amene asowa njira, ndipo pali opaleshoni yowatsegulira njira. Kusikelo muziwapempha anamwino kuti ayeze mutu wa mwana ndi tepi.

Munthu wamkulu akapotoka kamwa mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo ukafooka mbali imodzi, mawu akayamba kusamveka, musamutemere mphini ndipo musamumwetse chilichonse mokakamiza. Kumbukirani ola limene zayambira, pezani njinga yamoto kapena galimoto, mupite naye.

Mayi ndinakuuzani aja, titacheza anavomera kubwerera kuchipatala ndi mwana wawo, ndipo amuna awo anawaperekeza. Anandiuza kuti, "Akanandiuza chonchi poyamba, sindikanathawa." Mawu amenewo ndi amene andikhazika pano lero. Inu amene mwamva, kauzeni amene sanamve: apongozi anu, anzanu a kumpingo ndi kumzikiti, amayi a kuchitsime. Mafumu athu, nkhaniyi muikambe pa misonkhano. Kapepala kano musakakulungire mandasi, kasungeni, ndipo mwana wa sukulu awawerengere agogo madzulo.

Mukhale ndi mafunso, mundiimitse panjira kapena mufunse anamwino pa posto yanu. Gonani m'masikito usiku uliwonse, sambani m'manja pochokera kuchimbudzi, ndipo nyama ya nkhumba ipse bwinobwino.